Tikakhala pansi timangotchula mandasi ndi kaunjika: maganizo atsopano tingawapeze bwanji?

Funso

Ndine mlembi wa gulu la banki mkhonde la amayi 18 ndi abambo awiri kuno ku Ntcheu. Chaka chino tagwirizana kuti tisagawane ndalama zonse, tisiyeko zina tiyambire bizinesi ya gulu. Takhala pansi katatu koma zimene zimatuluka n'zomwezomwezo: mandasi, kaunjika, nkhuku, kupikula tomato pa Lizulu n'kukagulitsa ku Lilongwe. Zonsezi anzathu akuchita kale. Kodi kuganiza zachilendo ndi mphatso yobadwa nayo, kapena pali njira yophunzirira? Ambirife sukulu sitinapite nayo patali.

Yankho

Mayi, zimene zachitika pa misonkhano yanu itatuyo sizikusonyeza kuti gulu lanu lilibe nzeru. Mutasonkhanitsa anthu 20 a madigiri n'kuwafunsa funso lomwelo, nawonso angayambe ndi kutchula zimene amaziona tsiku ndi tsiku. Mutu wa munthu ukafunsidwa mwadzidzidzi umatola chimene chili pafupi, ndipo kwa inu zapafupi ndi mandasi, kaunjika ndi tomato wa pa Lizulu. N'zoona anthu timasiyana, ena maganizo amawabwerera msanga kuposa anzawo. Koma mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi yochita kuphunzira, ndipo sifuna satifiketi.

Ndiyambe ndi funso limene mumafunsana mukakhala pansi. Ndikukhulupirira kuti mumati, "Tiyambe geni yanji?" Funso limenelo ndi limene lakumangani manja. Limatuma munthu kukatenga dzina la bizinesi m'mutu mwake, ndipo mayina amene ali m'mutumo ndi a mabizinesi amene alipo kale. Chinthu chimene sichinayambe chilibe dzina, ndiye munthu angachitchule bwanji? Lisiyeni kaye funsolo, mufunsane lina: "Kodi kwathu kuno anthu akuvutika ndi chiyani, chimene angalolere kutulutsa ndalama kuti chithe?"

Funso lachiwirili simungaliyankhe mutakhala pa mphasa. Limafuna miyendo ndi maso. Pa msonkhano ukubwerawu musakambirane za bizinesi ngakhale pang'ono. Gwirizanani kuti kwa sabata imodzi membala aliyense akhale mlenje wa madandaulo, adzabweretse asanu amene waaona kapena kuwamva yekha. Aone pamene anthu akuima pa mzere nthawi yaitali. Aone zimene zikutayidwa msika ukamatha. Aone zinthu zimene anthu azimanga ndi waya kapena lekeni kuti zigwirebe ntchito, chifukwa pamene pali waya pali chosowa chimene wogulitsa aliyense sanachikwaniritse. Amvetsere zimene anthu amakwerera minibasi mpaka ku Dedza kapena ku Balaka kuti akazipeze. Ndipo akamva munthu akuti "bola kukanakhala...", atchere khutu kwambiri, alembe kapena asunge mumtima mawu otsatirawo. Anthu 20, madandaulo asanu aliyense, ndiye kuti mudzakhala ndi madandaulo 100. Pamenepo mwapeza poyambira.

Titenge la tomato, popeza mumalidziwa. Imani pafupi ndi mayi wogulitsa tomato cha m'ma 4 koloko madzulo akamafika pansi pa dengu. Wapamwamba anatha kale pa mtengo wabwino. Wapansiyu waphulika, madzi ake adontha m'mipata ya dengu, ntchentche zayamba kusonkhana, ndipo mayiyo akumuunjika pambali kuti agulitse pa mtengo uliwonse umene munthu angatchule. Ambiri tikaona zimenezi timangoti tomato sachedwa kuola, basi nkhani yatha. Ku fakitale ya magalimoto ya Toyota ku Japan, mkulu wina dzina lake Taiichi Ohno ankaphunzitsa antchito kuti makina akaima asakhutire ndi yankho loyamba, afunse kuti "chifukwa chiyani" kasanu motsatizana. Tiyese. Chifukwa chiyani wapansiyu waphulika? Chifukwa wapsinjidwa. Chifukwa chiyani wapsinjidwa? Dengu ndi lakuya, amalidzaza mpaka kusefukira, ndiponso pa lole amasanjikiza katundu pamwamba pake. Chifukwa chiyani amagwiritsa madengu otere? Makireti olimba ndi odula, ndipo munthu wopikula kawiri pa sabata saona chifukwa chogulira ake. Taonani pamene tafika. Sitikukambanso zogulitsa tomato. Tikukamba zobwereketsa makireti pa tsiku la msika, kapena kuluka madengu osaya osanjikizika. Mutayambira mbali ina n'kufunsa chifukwa chimene tomato amatsikira mtengo, mufika poti alimi ambiri amabzala nthawi imodzi n'kukolola nthawi imodzi, pamene m'dzinja amasowa n'kudula. Kumeneko kukutulukira nkhani ya nazale yogulitsa mbande, kapena yoyanika tomato. Sindikuti zimenezi ndiye bizinesi yanu. Ndikungokuonetsani kuti dandaulo limodzi lofunsidwa bwino latipatsa njira zinayi zimene funso loti "geni yanji" silikanatipatsa.

Tsopano ndinene chimene ndimachikhulupirira kwambiri pa nkhani imeneyi. Ganizo latsopano silichokera kumwamba. Pafupifupi nthawi zonse limakhala zinthu ziwiri kapena zitatu zakalekale zimene munthu wazikumanitsa koyamba. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku la mu laibulale yaing'ono ya kwawoko. Zipangizo zake zinali fani ya thirakitala yotayidwa, njinga yakutha ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki amene anawaphwatalitsa, dayinamo ya njinga ndi mitengo ya bulugama. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene anthu a m'mudzimo sankachidziwa. Dayinamo aliyense ankaiona ikuyatsa nyale ya njinga. Chachilendo chinali kuganiza kuti gudumu limene limazunguzidwa ndi miyendo lingazunguzidwenso ndi mphepo. Ndipo kumbukirani kuti pamene ankatolera zitsulozo anthu ankamunena kuti wachita misala. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi, chifukwa kuopa kusekedwa kumapha maganizo ambiri kuposa umbuli.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kunachitikanso zofanana. Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma, ndipo makina owathandiza amene amagwiritsidwa ntchito m'mayiko olemera amagulidwa madola masauzande angapo. Madokotala ndi anamwino a pachipatalapo, pamodzi ndi ophunzira ndi aphunzitsi a Rice University ya ku America, anapanga makina otsika mtengo otchedwa Pumani. Mpweya wake ankaupopa ndi timapampu timene anthu amapopera mpweya m'mabokosi agalasi oweteramo nsomba zokongoletsa m'nyumba, ndipo mphamvu ya mpweyawo imayezedwa ndi madzi a m'botolo. Pampu ya nsomba inalipo kale, vuto la ana linalipo kale. Panangosowa munthu woziika pa tebulo limodzi. Kumpoto kwa Nigeria, m'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wina wochokera ku banja loumba mbiya, Mohammed Bah Abba, anafalitsa njira yosungira ndiwo zamasamba popanda magetsi: mphika waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Madzi akamauma kudzera m'dongo la mphika wakunja amachotsa kutentha m'kati. Imagwira bwino kukakhala kouma ndi kotentha ngati mu Okutobala, ndipo m'dzinja mphamvu yake imachepa. Mayi aliyense wa kumudzi amadziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira. Iye anangofunsa kuti, nanga tomato?

Chimene chimatilepheretsa kukumanitsa zinthu chonchi n'chakuti chinthu chilichonse tinachipatsa kale ntchito yake m'mutu mwathu, ndiye sitichionanso mwanjira ina. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Karl Duncker, anaonetsa zimenezi ndi kayeso kosavuta. Ankapatsa anthu kandulo, machesi ndi kabokosi kodzaza timisomali, n'kuwauza kuti amangirire kanduloyo kukhoma kuti iyake osadonthezera phula pa tebulo. Ambiri ankalimbana n'kukhomera kanduloyo kukhoma, ena kuimata ndi phula lake lomwe. Yankho linali kukhuthula timisomalito, kukhomera kabokosiko kukhoma, n'kuimika kandulo m'menemo. Anthu sankaona kabokosi, ankangoona chosungira misomali. Akapatsidwa kabokosi kopanda kanthu, misomali ili payokha pa tebulo, ochuluka ankalipeza yankho.

Gulu lanu likhoza kudzichitira mankhwala a vuto limeneli. Lembani zonse zimene muli nazo monga gulu, koma musalembe ntchito yake, lembani mmene chilili. Musati "nyumba ya amayi akuti yogonamo alendo", muti "chipinda chouma chokhala ndi loko, mphindi zisanu kuchokera pamsewu wa M1". Musati "ngolo ya abambo akuti yotutira chimanga", muti "chonyamulira matumba khumi chimene chimangokhala miyezi isanu ndi itatu pa chaka". Muikemo ndi zosaoneka: wina ali ndi mchemwali wake wophika pa sukulu yogonera pompo, wina amadziwa kuumba, wina amatha kuwerengera msanga, ndipo nonse pamodzi ndinu anthu 20 okhulupirirana amene mumakumana sabata iliyonse osalephera. Chomalizachi ndi chuma chimene wochita geni payekha alibe. Kenako ikani mndandanda umenewu pafupi ndi wa madandaulo uja, muzitenga chimodzi uku chimodzi uko, n'kufunsa ngati zingakwatirane. Zambiri zidzakana. Chipinda chouma chija chikakumana ndi dandaulo la mavenda amene amabwerera ndi katundu wotsala madzulo alionse, mudzamva mtima kugunda.

Tibwere ku msonkhano weniweniwo, chifukwa ndikuganiza kuti vuto lalikulu lili pamenepo. Njira yotchuka yosakira maganizo pagulu, imene azungu amaitcha brainstorming, inafalitsidwa ndi Alex Osborn, mkulu wa kampani yotsatsa malonda ya BBDO ku New York, makamaka kudzera m'buku lake la 1953. Malamulo ake anali oti pa nthawi yotulutsa maganizo pasakhale wodzudzula mnzake, maganizo achuluke, ngakhale ooneka opusa alandiridwe, ndipo munthu aziwonjezera pa ganizo la mnzake. Malamulowo ndi abwino. Koma mu 1958 ofufuza a ku yunivesite ya Yale anayerekeza magulu okambirana pamodzi ndi anthu ochuluka chimodzimodzi amene aliyense anaganiza payekha kenako n'kuphatikiza zolemba zawo, ndipo oganiza payekhawo anatulutsa maganizo ambiri. Mu 1987 akatswiri awiri a ku Germany, Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe, anapeza kuti chifukwa chachikulu n'chakuti pagulu pamayankhula munthu mmodzi pa nthawi. Pamene ukudikira mpata wako, ganizo lako ukuligwirira kuti lisathawe, ndiye sukuganiza lina. Mwinanso mnzako akamamaliza, lako waliiwala kapena waliona ngati losayenera.

Kwathu kuno pali chinanso chowonjezera, ndipo nonse mukuchidziwa. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula, wamng'ono sabwera ndi zosiyana. Apampando akangoti "ine ndimaona ngati nkhuku", mtsikana wokwatiwa chaka chatha amene apongozi ake akhala pambali pakepo sangatsegule pakamwa kunena zobwereketsa makireti. Abambo awiri aja akayamba ndiwo kuyankhula, amayi ena amangovomereza. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikufuna muutaye. Koma pa ola limodzi losakira maganizo umafunika kuupezera njira yoti usatseke anthu pakamwa. Mutu umodzi susenza denga, inde, komatu mitu 20 ikamangogwedezera mutu umodzi, dengalo lasenzedwabe ndi mmodzi.

Njira yake ndi kuyamba mwakachetechete. Mu 1968 Bernd Rohrbach wa ku Germany anakonza njira yotchedwa 6-3-5. Anthu 6 amakhala mozungulira, aliyense ndi pepala. Aliyense amalemba maganizo 3 m'mphindi 5, kenako amapereka pepala lake kwa wa kudzanja lamanja. Wolandirayo amawerenga zimene mnzake walemba, n'kuwonjezera atatu ena, kaya atsopano kaya ophukira pa a mnzakewo. Mapepala akazungulira onse, m'mphindi 30 pamakhala maganizo 108. Inu gawikani m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse litenge dandaulo limodzi mwa amene mwabweretsa aja. Papepala pasalembedwe dzina la munthu. Amene kulemba kumawavuta akhale awiriawiri ndi wodziwa kulemba, azinong'onezana, koma muonetsetse kuti wolembayo akulemba zimene wauzidwa, osati zimene iye akuona kuti n'zanzeru. Musamuphatikize munthu ndi apongozi ake kapena ndi amene ali naye ngongole. Apampando alembe nawo ngati wina aliyense, ndipo pokambirana ayankhule pomaliza.

Mudzaona kuti mizere iwiri yoyamba papepala idzadzaza ndi zomwe zija, mandasi ndi anzake. Musakhumudwe, ndipo musaletse. Zili ngati mjigo: madzi oyamba kutuluka ndi ofunda amene anagona mu paipi, ozizira a pansi amabwera mukapitiriza kupopa. Ofufuza aona kawirikawiri kuti maganizo achilendo amabwera mochedwa, odziwika aja atatha, pamene anthu ambiri amaganiza kuti nzeru zawathera ndipo amasiya. Nthawi imene gulu likuti "basi zatha" ndi imene muyenera kuwonjezera mphindi khumi.

Zikaumadi, pali mafunso okankhira. Osborn anali ndi mndandanda wake, umene Bob Eberle anadzaukonza mu 1971 kuti ugwiritsidwe ntchito pophunzitsa ana. Simufunika kuuloweza. Mumangotenga chinthu chimene chilipo kale n'kuchipotoza. Mandasi omwe mukuwanyozawo: tingachotsemo chiyani, tingaikemo chiyani? Ufa wa mbatata yofiira m'kati ungalowemo? Tingawachepetse kuti mwana wa sukulu akwanitse ndi ndalama imene ali nayo? Tingawaphatikize ndi chiyani, tiyi wa m'fulasiki kwa a kabaza m'mamawa? M'malo modikira kasitomala pamsika, bwanji atapereka oda dzulo lake ife n'kumupititsira? Nanga m'malo mophika mandasi, bwanji titamagulitsa ufa wosakaniza kale kwa amayi onse ophika mandasi? Funso lomalizali ndimalikonda kwambiri, ndipo liyeseni pa bizinesi iliyonse imene mukuti yadzaza anthu: ngati ochita zimenezi achuluka, onsewo akusowa chiyani? Ogulitsa kaunjika akachuluka pamafunika wosita, wosoka zong'ambika, wopanga mahang'ala, wosunga mabelo usiku. Oweta nkhuku akachuluka pamafunika chakudya cha nkhuku ndi wopereka katemera. Kuchuluka kwa opikisana nawo kumene kwakufooketsaniko kukhoza kukhala msika wanu.

Njira ina imene imamasula anthu amanyazi ndi kutembenuza funso. Afunseni kuti, "Titafuna kuti makasitomala onse atithawe m'sabata imodzi, tingatani?" Pamenepo ngakhale wofatsa uja amayankhula: tizitsegula mochedwa, tizikana kusintha ndalama yaikulu, tizibisa tomato woola pansi pa mulu, tizikalipira wofunsa mtengo osagula. Anthu amaseka, koma zimene akutchulazo ndi zimene iwo eni amakumana nazo pamsika. Mukatembenuza chilichonse mwapeza chimene ogula akuchifuna koma sakuchipeza. Edward de Bono wa ku Malta, amene analemba zambiri pa nkhani ya kuganiza, ankalimbikitsanso kutola liwu lililonse mwachisawawa, mwina potsegula buku n'kuloza ndi chala, kenako n'kulikakamiza kuti ligwirizane ndi vuto lanu. Nthawi zina zimathandiza kuchotsa gulu pa njira imene lakakamira. Ine ndimaiika kumapeto, chifukwa kwa anthu amene ayenda n'kuona madandaulo enieni, zimene abweretsa zimakhala zokwanira kale.

Tsiku limenelo musasankhe kanthu. Apa ndikulimbikira, chifukwa magulu ambiri amene ndagwira nawo ntchito amagwera pamenepa. Kutulutsa maganizo ndi kuweruza maganizo ndi ntchito ziwiri zimene zimadana zikachitikira pamodzi. Munthu akangoti "tiyanike tomato", msungichuma n'kuyankha pompo kuti "agula ndani zimenezo?", ganizolo lafa, ndipo anthu ena atatu amene anali ndi awo awameza. Funso la msungichumalo ndi lofunika kwambiri, koma tsiku lake ndi lina. Mlembi, inuyo sonkhanitsani mapepala onse, muwerengere gulu mokweza popanda ndemanga, anthu abalalike.

Sabata ya pakati pa msonkhano umenewu ndi wosankha si yotayika. Mu 1926 Graham Wallas wa ku England anafotokoza kuti ganizo limadutsa m'magawo anayi: kukonzekera polimbana ndi vuto, kulisiya kuti lifungatire, kutulukira kwa yankho, ndi kuliyesa ngati lilidi loona. Gawo lachiwirilo anthu amalipeputsa, koma lili ndi umboni. Mu 2004 ofufuza a ku Lübeck ku Germany anapatsa anthu ntchito ya manambala imene inali ndi njira yachidule yobisika. Mwa amene anagona usiku asanabwerezenso ntchitoyo, oitulukira njirayo anachuluka kupitirira kawiri poyerekeza ndi amene sanagone. Mu 2014 Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a ku Stanford anapeza kuti anthu amatulutsa maganizo ochuluka akamayenda kusiyana ndi atakhala pansi, ngakhale kuyendako kukhale kwa m'chipinda. Inu kuyenda simuchita kukufunafuna. Njira ya kudimba, ya kumjigo, ya kuchigayo, manja akamapalira kapena kutongola chimanga mutu uli womasuka, imeneyo ndiyo nthawi imene mayankho amabwera. Koma amabwera kwa munthu amene walimbana nalo kale vutolo. Wongogona osakonzekera amadzuka ndi tulo basi. Uzani mamembala kuti ganizo likawapeza panjira asalidalire kuti alikumbukira. Alembe, ajambule mawu pa foni, kapena auze mwana wa sukulu alembe.

Pa msonkhano wosankha ndi pamene msungichuma ndi onse okayikira apatsidwe bwalo, ndipo afunse mopanda chisoni. Poyamba chepetsani mndandanda. Njira yosavuta ndi kuika mapepala a maganizo pansi, aliyense apatsidwe njere zisanu za chimanga, aziponya pa amene wawakonda, ndipo akuluakulu aponye pomaliza kuti ena asangotsatira. Asanu amene apeza njere zambiri muwafunse mafunso olimba. Ndani weniweni amene adzatulutse ndalama, tingamutchule? Panopa vutoli akulithetsa bwanji, ndipo akuwononga zingati? Chingatigwetse n'chiyani? Mvula ikabwera bizinesiyi ikhalapobe? Mnzathu akationera mawa n'kuyamba zomwezo, ife tidzatsala ndi chiyani chimene iye alibe? Ngati ndi chakudya chopakira m'mabotolo kapena m'mapaketi kuti chikalowe m'mashopu, dziwiranitu kuti pali zofunika kukwaniritsa ku Malawi Bureau of Standards, ndipo mufunse msanga musanagule zipangizo. Mlangizi wa zaulimi wa kwanuko muitaneni pa tsiku limeneli, osati pa tsiku lotulutsa maganizo, chifukwa mlendo wophunzira akakhalapo anthu amadikira kuti anene ndi iye.

Ndipo ngakhale ganizo litakoma bwanji pokambirana, musaliponyere ndalama zonse za gulu. Ndalama zimenezo ndi masheya a anthu amene anadzimana. Sankhani maganizo awiri kapena atatu, lililonse mulipatse kandalama kochepa kamene gulu lingapirire katatayika, ndi anthu atatu oliyesa kwa milungu iwiri kapena itatu. Za makireti zija, musagule 100. Pezani asanu, mupite nawo pamsika, muone ngati pali wopikula amene angalipire kuti abwereke, ndiponso ngati abweza. Za tomato woyanika, yanikani lichero limodzi, muphikire ndiwo anthu amene si abale anu, kenako muwauze mtengo. Munthu kunena kuti "n'zabwino, ndingagule" si umboni, chifukwa Amalawi sitikonda kukhumudwitsa mnzathu pamaso. Umboni ndi dzanja kulowa m'thumba.

Poyesapo muyang'anitsitse zimene ogula akuchita ndi chinthu chanucho, chifukwa kawirikawiri iwo ndi amene amamaliza ganizo. M-Pesa ya ku Kenya, imene Safaricom inakhazikitsa mu 2007, poyamba inayesedwa ngati njira yoti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono pa foni. Oyesawo anaona kuti anthu akuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama okhaokha, ndipo anatsatira zimene anthuwo ankachita. Kutumiza ndalama pa foni kumene lero timakuchita pa Airtel Money ndi Mpamba kunakula kuchokera ku njira ngati imeneyo. Inunso mwina mudzapita ndi makireti kuti mubwereketse a tomato, n'kupeza kuti akuwalimbirana ndi ogulitsa mazira kapena mapichesi. Musakakamire zimene munalemba papepala. Atatu oyesa aja akamabwera kudzapereka lipoti, asamangonena kuti tapindula zakuti kapena taluza zakuti. Anene amene anagula, amene anakana ndi mawu amene ananena pokana, ndiponso chimene anthu anafunsa chomwe inu munalibe.

Chomaliza chimene ndikupempheni monga mlembi: gulani kope lina, losiyana ndi la masheya ndi ngongole, mulembemo madandaulo onse 100 ndi maganizo onse amene sanasankhidwe, ngakhale amene anasekedwa. Lina linakanidwa chifukwa mpamba ndi wochepa chaka chino, lina chifukwa magetsi sanafike, lina chifukwa panalibe wodziwa kusoka. Zinthu zimenezi zimasintha. Pa msonkhano woyamba wa mwezi uliwonse, mukatha kuponya masheya, patulani mphindi khumi kuti aliyense amene waona dandaulo latsopano alitchule, inu mulembe, ndipo muwerengeko masamba awiri a zakale zija.